Mbatatesi Zikuluzikulu Pamwamba pa Ndowa

Atamandike Yesu Khristu, abale anga a mumphakati ndi nonse owerenga. Ndikulemba za khutu la mwana wanga Tadala.

Linayamba kutuluka mafinya, thupi moto, kulira kosatonthozeka. Ine mantha. Pamsika wa Mayani panali bambo wina wogulitsa timabotolo ta mankhwala a m'khutu, sipika yake ikulira maumboni a amayi oti ana awo anachira, iye n'kumati kafukufuku anachitika kunja. Ine sukulu ndinalekezera kupulayimale, mawu oti kafukufuku ndinawapatsa ulemu ngati a m'Baibulo. Komanso umboni, si timaumva ndi kutchalitchi komwe? Ndinagula. Ndinkamudonthezera m'khutu, maso ali pa kapumidwe kake, kudikira kuti nanenso ndidzachitire umboni. Koma mwana ankangofookerafookera, kuseri kwa khutu kukutupa. Ndinapemphera kolona mpaka mawu kusasa.

Yankho linadzera mwa a Mayi Asiyatu, Msilamu amene amapikula mbatatesi zathu. Atasuzumira mwana kumsana anafunsa, ine n'kuwaonetsa botolo lija ndi kufotokoza zonse.

"Amake Tadala, mukamandigulitsa mbatatesi, zikuluzikulu mumaika pati?"

"Pamwamba."

"Ndiye ine ndimatani?"

"Mumakhuthula ndowa."

"Nanga ndowa ya bamboyo munakhuthula? Amene anadonthezera osachira, sipika ija inawatchula?"

Ndinasiya ndowa zanga pomwepo, ulendo wa kuchipatala pa kabaza. Kumeneko, ndi mantha anga omwewo, ndinafunsa anamwino kuti nanga mankhwala awowo tidziwa bwanji kuti amachizadi. Sanakwiye ayi. Anati anayesedwa pa ana ambiri, ochira ndi osachira omwe anawerengedwa, anayerekezedwa ndi mankhwala ena, ndipo zotsatira zake zinaunikidwa ndi anthu amene sagulitsa nawo.

Tadala anagonekedwa, anachira, lero akuthamangitsa nkhuku pabwalo. Ndikuthokoza Mulungu amene anatuma mayi wa chipembedzo china kudzandiyankha. Koma khutu lakumanja silimvanso, ndipo adokotala akuti tinafika mochedwa. Funso lija likanandipeza msanga, abale, funso loti ndimalidziwa kale pa ndowa zanga zomwe.

Musataye mtima mwana akadwala. Pempherani, koma funsaninso kuti osachirawo ali kuti. Ngakhale umboni wangawu ndi mbatatesi imodzi chabe, khuthulani ndowa yonse. Ine ndikafuna kumuuza Tadala kuti ndimamukonda, ndimayamba ndazungulira kumanzere kwake.