Ndinaulula Kumsana kwa aZulu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mundikhululukire. Sindinaimepo kutsogolo chonchi. Sukulu ndinalekera giledi seveni, ndiye izi ndachita kulemba papepala kuti ndisasochere.

Ndine amake Taonga, wa ku Kapata konkuno. Ambiri mumandidziwa, ndimagulitsa zitumbuwa pamsika. Chimene simudziwa n'chakuti kwa chaka chathunthu ndinali kapolo wa mankhwala a chifuwa, a m'botolo otsekemera aja.

Zinayamba nthawi ya korona. Amuna anga amayenda ndi mathiraki, ndiye ankakhalitsa pa boda la Mwami kudikira kupimidwa ndi mapepala. Panyumba ndinatsala ine, mwana, ndi apongozi anga aamuna, aTembo. Ndinali ndi mantha, abale. Mwana akayetsemula, ine mtima phaa. Ambulansi ikadutsa, ndinkasuzumira kuti yaima pa ndani.

Tsiku lina ndinadwala chifuwa, mnzanga wa kumsika n'kundipezera botolo kwa munthu wina wogulitsa mobisa. Ndinamwa masupuni awiri. Chifuwa sichinathe tsiku limenelo, koma mantha anatha. Chifuwa chitapola, ine botolo sindinalisiye. Masupuni awiri anakhala anayi, kenako ndinkangopendeketsa botolo lonse pakamwa.

Boma litalamula kuti aliyense azivala masiki, anthu anadandaula. Ndikhulupirira mu Chipata monse ndinasangalala ndine ndekha. Masiki inkabisa milomo youma ndi fungo lomwe. Azimayi ena ankandiyamikira kuti amake Taonga ndi omvera malamulo, ngakhale potunga madzi savula. Ine ndinkangoti zikomo, maso ali psuu.

Tsono panyumba pathu panali msonkhano tsiku lililonse. Apongozi anga anali a chipani chotsutsa. Aneba athu, aZulu, bambo wamkulu wokhala ndi njinga yamoto, anali a chipani cholamula. Masana ankaika wailesi pakati, mipando n'kuitalikitsa monga lamulo linanenera, ndiye kuti amvane ankachita kukuwa. Msewu wonse unkamva.

Apongozi ankati boma ladzipatsa mphamvu zochuluka, likutseka malo a anthu osafunsa munthu, ndipo ndalama za korona palibe akufotokoza kumene zalowera. AZulu ankati popanda malamulo amenewo bwenzi aTembo akutsutsira kumanda. Apongozi ankawatchula wokuba sopo wa korona, iwo n'kubwezera kuti aTembo angatsutse ngakhale mvula. Pomaliza ankamwera limodzi tiyi amene ndawapangira ine.

Ine zandale sindizitsata. Koma tsiku lina wandale wina ananena pawailesi kuti achinyamata akutha ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo boma likungowatsekera m'malo mowachiritsa. Apongozi anawomba m'manja. AZulu anaimirira.

“Onse kuwamanga, ogulitsa ndi akumwa omwe. Ine ndikam'peza mmodzi, ndim'nyamula ndekha panjinga yanga mpaka kupolisi.”

Ine ndinali kuseri, ndikutsuka mbale. Mbale inapulumuka m'manja. Kuyambira tsiku limenelo ndikamva njinga ya aZulu ikulira, ndinkathawira m'nyumba. Ndinkaganiza kuti akandimanga, Taonga wanga atsala ndi ndani? Koma kusiya sindinasiye. Ndinangochenjera. Mankhwala ndinkawathira m'kabotolo ka juwisi, botolo lenileni n'kuponya m'chimbudzi.

Nzeru imeneyo ndi imene inatsala pang'ono kundiphera mwana.

Linali Lachinayi m'mawa. Ndinatuluka kukayanika zovala, kabotolo kaja n'kukasiya pampando. Taonga anali ndi zaka ziwiri ndi miyezi. Pobwerera ndinam'peza atakhala pansi, kabotolo kali m'manja, mulibe kanthu. Ndinam'itana, anangondiyang'ana ndi diso limodzi. Ndinam'nyamula, mutu unagwera paphewa ngati chitenje chonyowa.

Ndinathamangira panja, n'kugwada chapatali monga mpongozi, n'kunama. Ndinati atate, mwana wafooka, kapena ndi malungo. Apongozi ali ndi njinga yakapalasa, koma nonse mukudziwa, mpongozi sangakwere njinga imodzi ndi apongozi ake aamuna. Ndiye anakuwira aZulu. Mwa anthu onse a mu Kapata, abale, aZulu.

Ndinabereka mwana, n'kukwera kumbuyo kwawo. Iwo anati tithamangire kukiliniki yapafupi akam'pime malungo. Ine ndinkadziwa kuti kumeneko tikaima pamzere, akam'baya chala, akapeza palibe, nthawi ikupita. Ndinkamva mpweya wa mwana pakhosi panga. Unkabwera, n'kusiya, n'kudikira, n'kubweranso. Ndinayamba kuwerenga. Kudikirako kunkatalika.

Ndikanena, andimanga. Ndikapanda kunena, ndiika maliro.

Ine ndinabatizidwa ndili khanda, mapemphero ndimawadziwa pamtima, koma kupemphera kwenikweni ndinayambira panjinga imeneyo. Ndinati Yesu, ine ndatopa kubisala, mwanayu ndi wanu, tsegulani pakamwa panga. Ndipo pakamwa panatseguka. Kumaso sindikanatha, koma kumsana kwa munthu kulibe maso. Ndinalankhula ndi jekete lawo.

“Bambo, si malungo. Wamwa mankhwala a chifuwa. Ndi anga. Amene ndimamwa ndine.”

Msana wawo unangouma. Kutsogolo kunali mphambano: njira ina ya kupolisi, ina ya kuchipatala chachikulu. Ine maso pa manja awo. Sindinaonepo manja a munthu ngati mmene ndinaonera amenewo. Anakhotera kuchipatala, n'kuwonjezera moto, hutala ikulira, anthu a njinga akubalalika. Ananena mawu ochepa okha.

“Gwirirani mwana, amake Taonga. Mukawauze anesi chimodzimodzi, osachotsa kanthu.”

Ndinawauza osachotsa kanthu. Anesi anandilanda mwana n'kuthamanga naye. Anamuika timapaipi m'mphuno ndi diripi pamkono. Mmodzi anandiuza kuti ndikanati malungo, nkhani ikanakhala ina. Ndinakhala pansi m'khonde la wodi, ndikulira, ndikungoti Yesu, Yesu, mawu ena onse atandithawa.

Dzuwa litapendeka, Taonga anatsegula maso, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti akufuna chitumbuwa. Wodi yonse inaseka. Ine ndinaseka ndikulira mpaka mamina.

Nditatuluka ndinapeza aZulu adakali pansi pa mtengo, sanadye chichokere m'mawa. Ndinagwada, n'kuwauza kuti mwana wadzuka, tsopano ndakonzeka, tiyeni kumene munanena kuja. Iwo anati:

“Mafuta opitira kupolisi ndilibe, mwana wanga. Imirirani.”

AZulu anakawauza okha apongozi, podziwa kuti ine sindingathe. Zimene anakambirana sindikuzidziwa. Ndimangodziwa kuti masiku atatu wailesi sinalire pakhonde.

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Kusiya kunawawa. Ndinkanjenjemera, thukuta kamukamu, m'mimba kutseguka, mafupa ngati akundiphwanya ndi musi. Anesi aja ananditumiza kwa mlangizi wa pachipatala, ndipo ndinkapita. Akazi a aZulu anaitana azimayi a mphakati wathu wa kutchalitchi. Poti kusonkhana kunali koletsedwa, ankabwera mmodzimmodzi, uyu m'mawa, uyu masana, kundilerera mwana ndi kupemphera nane pemphero la kolona. Ndinapita kukalapa kwa abambo ansembe, tili panja pa tchalitchi motalikirana, ndiye machimo anga ndinachita kuwanena mokweza ndithu. Ndinabwerako wopepuka ngati ndatula thumba la chimanga.

Amuna anga atabwera anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa. Anakhala sabata osandiyankhula. Kenako tsiku lopita kwa mlangizi ndinangowaona akupukuta nsapato, akuti tiyeni.

Ndinagwanso kamodzi, patapita mwezi. Sindibisa. Koma ulendo umenewo sindinadikire kuti andigwire. Ndinapita ndekha kwa amayi Zulu n'kuwauza, tinagwada limodzi, n'kuyambiranso. Chiyambire tsikulo sindinalawenso, ndipo si mphamvu zanga.

Mantha sanathe onse. Ndidakali munthu wosuzumira pazenera. Koma tsopano akabwera ndimadziwa kothawira.

Azibambo awiri aja akukanganabe. Boma litasintha anangosinthana mbali, tsopano wotsutsa ndi aZulu. Koma nkhani ya mankhwala ikafika pawailesi amagwirizana, onse amati anthuwa akufunika kowachiritsira, ndipo amadzudzula boma lililonse limene lilipo. Anthu amadabwa.

Taonga ndi uyo pamzere wachiwiri wa ana ovina, wa nsapato zofiirayo, akundikodola kuti ndamutchula. Mulungu anandibwezera mwana amene ndinatsala pang'ono kumutaya ndi manja anga. Alemekezeke, alemekezeke ndithu.

Tsono iwe mlongo wanga, iwe mchimwene wanga, amene uli ndi kabotolo m'chikwama kapena pansi pa matiresi, ndikudziwa mmene mtima ukugundira pompano. Usadikire kuti mwana wako akapeze. Yesu sanandidikire kuti ndiyambe ndayera, anandipeza ndili ndi bodza pakamwa. Misa ikatha ndikhala pakhomo lakumanzere. Ngati kundiyang'ana kumaso kukuvuta, ingobwera uime kumbali kwanga unene kuti nanenso. Tikayambira pamenepo.

Ambuye Yesu atamandike.