Mayi Benedicta Zikhalo, namwino wa midzi ya m'mapiri

Malemu mayi Benedicta Zikhalo anabadwa pa 9 Juni 1966 konkuno ku Mphunzi, m'banja la bambo Petulo ndi mayi Falesi Zikhalo. Anali achitatu mwa ana asanu ndi awiri. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mlongo wawo, Zefaniya.

Sukulu anayamba mu 1973, ndipo mu 1989 anamaliza maphunziro a unamwino. Mu 1992 anamanga ukwati woyera ndi bambo Gibson Chimphepo, mphunzitsi wa ku Linthipe. Bambowo anatisiya mu 2003 ndi matenda a Edzi, mankhwala otalikitsa moyo asanafike kumidzi kuno. Malemu sankabisa zimenezi, nafenso sitibisa lero.

Mu 2009 analowa ntchito pa chipatala choyendayenda chimene boma la dziko lina lakunja linkalipirira. Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse galimoto inkakwera mapiri athuwa ndi mankhwala, malemu atakhala kutsogolo.

Pa kampeni ya 2019, mkulu wina wofuna uphungu anauza anthu kuti galimotoyo anabweretsa ndi iye, ndipo akapanda kumuvotera idzachoka. Malemu anaimirira pamsonkhano pomwepo n'kufotokoza kuti inagulidwa ndi misonkho ya anthu akutali amene sanaponde kuno. Zitatero panamveka zoti malemu awasamutsa, koma amayi a m'midzi isanu anakakana.

Galimotoyo inachokadi, koma osati chifukwa cha mavoti athu. Anthu a dziko lija anasankha boma latsopano, limene linati ndalama zawo zizigwira ntchito kwawo. Kalata yothetsa thandizolo inafika mu Febuluwale 2025. Pofika Malichi ntchito inali itatha, ogwira ntchito onse atauzidwa kuti akapume.

Anthu 84 anali kudalira ulendo uja. Ambiri sakanatha kufika okha kuchipatala mwezi ndi mwezi. Malemu anakapempha chilolezo choti aziwatengera mankhwala. Ankakwera minibasi mpaka pamsewu waukulu, kenako n'kuyamba chitunda wapansi, chikwama kumsana, opanda malipiro.

Nthawi imeneyo n'kuti akudwala kale mtima. Ife achibale tinawaletsa kangapo, ine ndinafika powakalipira. Anandiyankha kuti, "Achimwene, amene analemba kalata ija sakuwadziwa anthuwa. Ine ndikuwadziwa mayina."

Pa 14 Okutobala anagwa panjira ali ndi chikwama chawo. Amayi awiri ochokera kudimba anawapeza n'kuthamangira nawo kuchipatala, kumene anagonekedwa masabata atatu. Anamwalira pa 4 Novembala 2025 atalandira masakramenti, ali ndi zaka 59. M'miyezi yonse imene anayenda, palibe mmodzi mwa anthu 84 aja amene anadumphitsa mankhwala.

Asiya ana atatu, Pilira, Mark ndi Esitere, zidzukulu zinayi, ndi mayi athu okalamba amene akhala apowa.

Tikuthokoza abambo mfumu, amayi achikatolika, adzukulu okumba manda, ndi anamwino amene anasamalira mnzawo mpaka mapeto. Tikuthokozanso mayi Magadalena Kachule ndi anzawo atatu, amene agwirizana zosinthana kunyamula chikwama chija kuyambira Lachiwiri likubwerali. Akupempha aliyense amene ali ndi njinga awaone tikachoka kumanda.

Alongo athu, mwayenda mokwanira. Ambuye akulandireni, muuse mumtendere.