Ndinapita kukamutenga Faresi, ndinabwerako ndekha

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ine ndine msodzi wa ku Malindi. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndipo kuyankhula kwambiri si khalidwe langa. Koma zimene Mulungu anachitira mwana wanga Faresi, wachibale atatitaya, sindingazibise.

Faresi anasankhidwa kupita kuyunivesite ku Blantyre. Pamtundu pathu palibe anafikako. Kwathu kuno mwana amayang'aniridwa ndi amjomba ake, mchimwene wa mayi ake. Amjomba a Faresi, a Matiyasi, amagwira ntchito mumzinda womwewo. Anabwera okha kumudzi, anadya chambo changa, nanena pamaso pa abale onse kuti, "Alamu, mwanayu ndi wanga. Ndikamulandira padepoti, ndikamuonetsa zonse." Ndinawakhulupirira.

Tsiku la ulendo ndinamukweza minibasi ku Mangochi ndi thumba la ufa ndi usipa wouma. Anafika padepoti, amjomba kulibe. Foni yawo inkangoitana. Mwanayo anafunsa njira yekha, katundu ali pamutu. Mawa lake a Matiyasi anati atanganidwa, komanso akazi awo safuna alendo akumudzi panyumba. Sanapite kukamuona ngakhale kamodzi. Ine ndikaimba, ankadula. A Matiyasi omwewo amene ndinawawolotsapo pabwato langa mayi awo akudwala.

Faresi anasokonezeka. Sankadziwa chipinda chophunziriramo, ndipo ankaopa kufunsa chifukwa ena ankaseka kayankhulidwe kake ka kunyanja. Anayamba kudzitsekera. Ankaimbira mayi ake akulira kuti akufuna kubwerera. Ine ndinkakoka ukonde mtima ukuwawa. Kutchalitchi ndinkagwada ndi pemphero limodzi lokha: Ambuye, munthu wakana, tumizani wina.

Kenako kulira kunasiya. Mayi ake atafunsa, iye anati masiku ano amakhala ndi anzake akusewera makadi. Nditamva zimenezo ndinapsa mtima. Pagombe pathu makadi ndi njuga. Ndaonapo anyamata akuluza ukonde ndi injini chifukwa cha makadi. Ndinati mlamu wanditaya, tsopano mwana nayenso wandipereka. Ndinakwera basi kukamutenga. Kuli bwino aziyanika usipa kwathu kusiyana ndi kusanduka wanjuga.

Ndinamupeza pansi pa mtengo ndi anzake, makadi ali m'manja. Ndinangoti, "Longedza katundu." Mtsikana wina wovala mpango wa Chisilamu anaimirira, nandipatsa moni m'Chiyao. Dzina lake Hawa, wa ku Monkey Bay, wa chaka chachitatu. Anati, "Bambo, khalani kaye muone, mukatero mumutenge."

Makadi aja sanali a njuga. Hawa ndi anzake anawalemba okha kuti athandize ophunzira atsopano. Anawagawa m'magulu, gulu lililonse nalitchula bwato. Khadi lililonse linali ndi ntchito. Lina likuti pezani chipatala cha pasukulu, lina kabwerekeni buku, lina kagogodeni kwa mphunzitsi mukamufunse funso. Ntchito ikatha, bwato lawo limasunthidwa patsogolo pa bolodi. Koma panali lamulo: munthu mmodzi akasowa, bwato silisuntha.

Lamulo limenelo ndi limene linamutulutsa mwana wanga. Anzake a m'bwato lake ataona kuti akutsalira, anafufuza chipinda chake, nagogoda mpaka anatsegula. Mnyamata wina anandiuza akuseka, "Madala, ameneyu anatimiza poyamba, koma pano akutilamula ngati mwini bwato." Hawa anati nayenso chaka chake choyamba anatsala pang'ono kuthawa, n'chifukwa chake anakonza masewerawo.

Faresi anandiyendetsa pasukulu ponse osasochera. Tinakumana ndi mphunzitsi wina amene anamupatsa moni pomutchula dzina. Pachipata ndinamufunsa, "Ukubwerera?" Anati, "Ayi, bambo." Ndinakwera basi ndekha.

Ine ndi a Matiyasi sitinayankhulanebe. Anatigwiritsa fuwa la moto, ndipo bala lake silinapole. Sindinama, kukhululuka kukundivuta, mundipempherere. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa mwana wa chipembedzo china, amene sindinkamudziwa n'komwe. Inu amene wachibale wakukanani, musaleke kugwada. Faresi walemba mayeso ake oyamba ndipo wakhoza. Ulemu upite kwa Ambuye. Amen.