Mayi Merle Trengove, amene sankalekerera belu kulira

Malemu Mayi Merle Trengove anabadwa pa 9 Epulo 1944 kuno ku Kadina, m'banja la Bambo ndi Mayi Penhall, alimi a tirigu. Anali achitatu mwa ana asanu. Sukulu anaphunzira konkuno, ndipo mu 1962 anapita ku Adelaide kukaphunzira unamwino.

Pa 18 Novembala 1967 anakwatiwa ndi Bambo Lindsay Trengove, mphunzitsi wa masamu, amene akukuwerengerani mbiriyi. Moyo wawo wonse ankawatchula amuna awo kuti "aphunzitsi", makamaka akalakwitsa.

Mu 1975 anayamba ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo anapuma mu 2004. Nthawi imeneyo chigawo chilichonse chinkakhala ndi antchito anayi. Malemu anali ndi lamulo limodzi: belu la wodwala likalira, tiyi amasiyidwa patebulo. Ankauza anamwino atsopano kuti, "Iwe mwana, chikulirachi si chitsulo ayi. Ndi munthu."

Mu 2019 anayamba kudwala matenda oiwala. Mu 2022, amuna awo atalephera kuwasamalira okha, anawapititsa kunyumba yomwe ija. Mayina a ana awo anali atawathawa, koma belu ankalidziwabe. Likalira ankadzuka, nthawi zambiri osatenga ndodo. Tsopano linkalira nthawi yaitali, pakuti chigawo cha okalamba makumi atatu chinkasiyidwa m'manja mwa wantchito mmodzi kapena awiri. Banja linadandaula kwa akuluakulu a pamalopo. Yankho linali lakuti antchito sakupezeka.

Lamlungu pa 3 Marichi chaka chino, masana, m'chigawocho munali wantchito mmodzi, Mayi Perla Abrenica. Anali m'bafa, akusambitsa gogo wina wosatha kuima yekha, pamene belu linalira m'chipinda cha Bambo Roach, amene ankafuna madzi akumwa. Malemu anadzuka kukayankha, koma anagwa m'njira ndi kuthyoka fupa la m'chiuno. Kuchipatala, ataona amuna awo, anati, "Aphunzitsi, musangoti njo ngati mtengo wa magetsi. Pitani, munthu uja akuitana." Pambuyo pake anagwidwa ndi chibayo, ndipo anatisiya pa 11 Marichi, ali ndi zaka 79.

Tamva kuti ena m'tauni muno akuloza chala Mayi Abrenica, ndipo mayiwa sanabwerere kuntchito kuyambira tsiku lija. Banja likuti: manja awo ndi awiri, ndipo onse anali atagwira munthu. Akadamusiya, bwenzi maliro ali a gogo uja. Malemu, amene ankaidziwa ntchitoyi, sakadamusiyanso. Mafunso athu tawapereka kwa amene amalemba antchito.

Malemu asiya amuna awo, ana awiri, Glenys ndi Rodney, zidzukulu zisanu, ndi mchemwali wawo Mayi Beryl Penhall.

Tikuthokoza abusa, amayi a mumpingo amene akonza tiyi ndi makeke, madokotala, ndi inu nonse mwabwera. Tikuthokozanso Mayi Abrenica, amene kwa zaka ziwiri ankawapesa malemu tsitsi monga ankafunira eni ake. Tawaona ataima kukhomo. Mpando uli kutsogolo kuno, pafupi ndi Glenys, ndi wawo.

Mzimu wa malemu uuse mumtendere. Mayi Merle, gonani. Likaliranso, musadzuke.