Chitini Chimodzi cha Mkaka

Omvera anzanga, ndine nkhalamba ya kwa Tengani. Kale, sitima za pamadzi zikuyendabe mu Shire, mkazi wanga anamwalira pobereka, n'kundisiyira mwana wamkazi. Amayi a m'mudzi anakana kumuyamwitsa poopa tsoka. Ndinasenza thonje langa ndekha mpaka kusitolo ya mmwenye ku Chiromo, kuti ndikaligulitse n'kugula mkaka wa mwanayo.

"Bambo, mkaka wa m'chitini watha," anatero mwini sitolo. "Azungu a m'minda agula wonse."

Ndinachonderera mpaka anandipatsa chitini chimodzi chopindika. Ndinkasungunula mkakawo ndi madzi a mumtsinje, osadziwa zowiritsa. Mwanayo anatsegula m'mimba, ndipo patatha milungu itatu anatsatira mayi ake. Sindinakwatirenso.

Inu amene mukugula mkaka wa ana lero, chonde wiritsani madzi. Ine ndinalibe wondiuza.