Chitsulo m'phewa langa, makala pakhoma

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Ndine mayi wamasiye wa ku Kabwata, ndipo chaka chatha mkono wanga wamanja unatsala pang'ono kuuma.

Ndinaterereka pakhonde lomwe ndinalipaka ndekha polishi, fupa n'kuthyoka m'munsi mwa phewa. Kuchipatala anandichita opaleshoni, naikamo chitsulo chathyathyathya chokhomerera ndi timisomali. Ponditulutsa anandipatsa pepala la zojambula, akuti nthawi ikakwana ndiziuyendetsa mkonowo pang'onopang'ono. Ine ndinaliponya m'kabati. Ndinkaopa kuti ndikangoukweza, timisomali tizuka.

Amayi anzanga a kutchalitchi anabwera sabata yoyamba, kenaka zii. Ana anga ali ku Ndola, foni yawo ndi ya Lamulungu lokha. Ndinkadya ndi dzanja lamanzere ngati mwana wosalangizidwa, tsitsi osapesa. Nditapita kukaonetsa, dokotala anati fupa lagwirana bwino, koma phewa likuuma, ndipo ndikapitiriza kusunga mkonowo m'nsalu yoloka pakhosi sudzakweranso. Ndinalira m'minibasi ulendo wonse. Ndinapemphera kuti, "Ambuye, ndili ndekhandekha, nditumizireni munthu."

Mulungu ali ndi nthabwala zake. Ananditumizira bana Chanda, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, amene ndinakhala zaka ziwiri osawalonjera chifukwa madzi awo ochapira ankalowa pabwalo panga. Anandiona ndikulimbana ndi bulangeti pachingwe, n'kulowa pageti osaodira.

"Shani, ba mayo? Iyi kwanja mwaibeleka monga mwana, izagona. Bwelani ku chipupa."

Manyazi anandigwira, koma ndinapita. Nditawauza za pepala lija analifuna, nandiimika pakhoma kuti zala zizikwera ngati nyerere. Pomwe zalekezera ankalembapo ndi khala. Chifukwa cha ululu wake ndinkatukwana chamumtima, Ambuye andikhululukire. M'mawa uliwonse ankabwera, tsiku la a fizio owongola ziwalo kuchipatala n'kundiperekeza, ndipo mizere ya makala inkakwera pang'onopang'ono. Za madzi aja sanatchulepo ngakhale kamodzi.

Tsiku lina tili pamsewu, minibasi ya ku tauni inkatidutsa. Ndinaiimika, ndipo inaima. Bana Chanda anayamba kululutira, anthu akuona, ine osadziwa chachitika n'chiyani.

"Onani kwanja yanu!"

Mkono uja unali m'mwamba, kupitirira mutu wanga.

Ndikuyamika Mulungu amene anapatsa madokotala nzeru, nandichiritsa phewa pamodzi ndi mtima wouma. Inu amene mukudwala muli nokha, musaleke kupemphera, ndipo chipata musatseke. Amene akubwera kudzakudzutsani mwina ndi uja simumupatsa moni.