Mafuta a Chamba ndi Matenda a Mwana Wanga Rozina

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wochokera kuno kwa Mbenje, ku Nsanje. Ine ndine mayi wogulitsa nsomba zouma, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za mwana wanga Rozina, yemwe wakula ndi matenda akugwa.

Matendawa anamuyamba ali wamng'ono, atadwala malungo aakulu. Kuchipatala anatipatsa mapiritsi ndipo tinkamumwetsa osadumphitsa, koma kugwa sikunaleke. Anagwerapo pamoto n'kupsa mkono. Kumtsinje sindinkamutuma, poopa kuti Shire anganditengere mwana. Anzake ankamuthawa, ati thovu lake n'lopatsirana. Ine ndinkangomuyang'ana akuphupha pansi, manja ali lende, osadziwa pogwira. Kupemphera ndinkapemphera, koma nthawi zina ndinkangogwada, mawu osatuluka.

Anzanga a pamsika anayamba kundiuza za mafuta a chamba, akuti amachiza khunyu. Dzina loti chamba linkandiopsa, koma ndinali nditatopa. Tsiku lina ndinapita kukagulitsa nsomba pa Ngabu, nditatenga Rozina poti panalibe womusiyira. Bambo wina woyenda ndi mankhwala m'chikwama anandionetsa kabotolo kakuda kosalembedwa kanthu. Anati ndikayamba kumupatsa mafutawo ndimusiyitse mapiritsi akuchipatala. Ndinagula, n'kumangirira kunsonga ya chitenje. Mtima sunakhazikike, ndipo ndinanong'ona kuti, Ambuye, ine nzeru zandithera, ngati izi n'zoipa mundiletse ndinu.

Tikudikira minibasi, Rozina anagwa. Anthu anaunjikana, wina akuthamangira supuni yoti amuike m'kamwa. Amayi ena anatsika pakabaza, anabweza wa supuni uja, anamugoneka mwanayo chammbali n'kumutsamiritsa nsalu yawo. Pamene ndinkagwada, kabotolo kaja kanagwa pansi ndipo iwo anakatola.

"Mayi, ichi n'chiyani?" anandifunsa.

"Akuti mafuta a chamba. Ndagulira mwanayu."

"Mwamupatsako kale?"

"Iyayi."

"Musamupatse. Akatsitsimuka tikhale pansi."

Amayiwo amagwira ntchito yogulitsa mankhwala mufamase ku Blantyre, ndipo kuno anabwerera maliro. Tinakhala pamthunzi, Rozina atagona pamiyendo panga. Anandifotokozera kuti m'chamba muli zinthu zambiri. China chimatchedwa THC, ndicho chimaledzeretsa. China ndi CBD, chomwe sichiledzeretsa, ndipo chimathandiza ana ena amene khunyu lawo limakanika ndi mapiritsi, ngakhale si onse. Anati botolo lenileni limalembedwa dzina la amene anapanga, kuchuluka kwa CBD, tsiku lotha mphamvu, komanso limakhala ndi umboni woti linayezedwa. Langa lija palibe ankadziwa zam'kati mwake. Chimene chinandilasa mtima n'choti mwana akasiya mapiritsi mwadzidzidzi atha kugwa mosalekeza mpaka kumwalira. Ndinayang'ana nkhope ya Rozina, misozi n'kuyamba kutsika.

Anandilangiza kuti ndikapemphe kuchipatala chathu kuti atitumize kwa dokotala wamkulu ku Blantyre, ndipo ndikamuuze zonse osabisa. Powatsanzika ndinangothokoza m'Chisena chathu kuti, "Takhuta, mama." Dzina lawo sindinafunse, ndipo mpaka lero sindinawaonenso.

Sizinayende msanga. Tinapita ku Blantyre n'kubwerera, kupitanso, mwana akugwabe. Dokotala anayamba wasintha mapiritsi. Ataona kuti kusintha n'kochepa, anavomera kuti tiyese CBD pamodzi ndi mapiritsiwo. Kuno mafuta odalirika ndi osowa, choncho mng'ono wanga Malita, yemwe amagwira ntchito ku Joni, anawagula mufamase yakumeneko, ndipo dokotala anatithandiza kuti afike mwa lamulo. Botololo analiona yekha tisanatsegule. Tinayamba ndi timadontho tochepa kwambiri, ndipo ndi iye amene ankanena nthawi yoonjezera. Ankamuyezanso magazi kuti aone ngati chiwindi chili bwino. Poyamba Rozina ankagona kwambiri ndiponso anatsegula m'mimba, moti ndinataya mtima, koma atachepetsa mlingo zinakhazikika.

Sindikunamizani kuti mwana wanga anachiriratu. Amagwabe, koma mwa apo ndi apo, ndipo akadzuka sachedwa kundizindikira. Panopa analowa kwaya ya kutchalitchi kwathu. Lamulungu lapitali anaimba nyimbo yonse ataimirira kutsogolo, ine ndili pabenchi, ndipo ndinazindikira nyimbo itatha kuti ndinali kumvetsera mawu ake, osati kudikira kuti agwa liti.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandimva pamene ndinalibe ngakhale pemphero lomveka. Inu amene mukulera wodwala ndipo mwafika potopa, musagule chilichonse chimene mwauzidwa pamsewu, ndipo musamusiyitse mankhwala panokha. Funsani akuchipatala, musachite manyazi kutchula dzina la mafutawo. Limbikani kugwada ngakhale mawu atakutherani, pakuti Iye amamva ndi kunong'ona komwe. Ameni.